Chigoba cha Nkhono cha Mayi Nkhanga

Padangokhala, ana inu, ndipo tcherani khutu, chifukwa nthano iyi palibe amaifotokoza kuposa ine.

Chaka china dzuwa linaswa mtengo, mitsinje yonse inaphwa, kunangotsala dziwe limodzi. Nyama zinapangana kusankha mlonda woti azigawa madziwo. Anaima awiri, Njiri ndi Nkhanga. Nkhanga anaima chifukwa anapiye ake ankati akafika kudziwe, ankapeza matope okhaokha, akuluakulu atamwa kale.

Mwambo unali woti aliyense woima aphikire khamu thobwa pa tsiku la voti. Njiri sanavutike. Njovu anamutsegulira nkhokwe yonse ya mawere. Nkhanga analibe ngakhale lichero limodzi.

"Mayi, thobwa lanu mudzaphikira m'chigoba cha nkhono?" anamuseka Njiri.

Nkhanga anatola chigoba cha nkhonocho n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kupempha mawere, akuimba:

Dzaza kachigoba, mbiya ndi yako,
Usapyoze mlomo, mbiya ndi yako.

Mbewa anachita manyazi, amvekere tochepa take sitingathandize kanthu. Nkhanga anamuuza kuti athire basi. Anathira. Njiwa anathira, Gologolo anathira, Fulu anathira akudandaula msana. Nyerere zinatuta kambewu kamodzikamodzi tsiku lathunthu mpaka chigoba chawo chinadzaza.

Dzaza kachigoba, mbiya ndi yako.

Tsiku linafika. Mbiya ya Njiri inali yaikulu ngati chulu, ya Nkhanga yongofika m'chiuno mwa Gwape, ndipo khamu lonse linathamangira kwa Njiri. Nkhanga anayang'ana anapiye ake.

Tsono mukudziwa kuti thobwa salimwa mwini mawere asanalawe, kuchotsa ufiti. Njovu anabwera monyada, anaviika chitamba mumbiya ya Njiri. Fyuu! Kunatsala masese.

Njiri anaseka mokakamiza, nati bwana amangolawa.

"Kulawa kwake ngati n'kumeneku, kudziwe kudzakhala bwanji?" anafunsa Fulu. "Mukadzakhala mlonda mudzawaletsa, achimwene?"

Njiri anayang'ana Njovu, kenaka anayang'ana pansi.

Nyama zinatembenukira kwa Nkhanga n'kufunsa kuti mwini mawere ndani, alawe msanga, kukhosi kwauma. Mbewa anati ndi iye. Njiwa anati ndi iye. Nyerere zinati musatiiwale. Onse anandanda kumbuyo kwa Nkhanga, aliyense kufuna kulawa thobwa lake. Paja masiku amenewo voti inali kuima kumbuyo kwa amene wamufuna. Kadzidzi, yemwe ankawerenga, anatopa mzere usanathe. Kumbuyo kwa Njiri kunali Njovu yekha, akugeya.

Lamulo loyamba la Nkhanga linali lakuti kuyambira tsiku limenelo, wothandiza woima pachisankho asapyoze chigoba chimodzi, kaya ndi Nyerere kaya ndi Mvuu.

M'mawa mwake Njovu anafika kudziwe atasenza dengu la mawere, akuti kamphatso ka mlonda watsopano. Nkhanga anatapamo chigoba chimodzi, anasalaza pamwamba ndi phiko, nathokoza mwaulemu.

"Otsalawa bwererani nawo, bambo. Ndipo mzere wayambira uko, kumbuyo kwa anapiye."

Njovu anakaima kumbuyo kwa anapiye.

Mwamva, ana inu? Mtsogoleri amagwadira amene anamudzazira mbiya, choncho muziidzaza nonse.