Ng'ombe Zosadziwa Goli

Fanizo ili ndinalimva kalekale pa msewu wafumbi wa ku Nambuma, nditakhala pamwamba pa matumba a mtedza. Masiku amenewo ndinkayenda ndi kachikwama kamodzi, kusaka ganyu m'maesiteti, ndipo mkulu wina woyendetsa ngolo anandimvera chisoni n'kundikweza. Dzina lake ndinaiwala. Mawu ake okha ndiwo anandikakamira, ndipo madzulo ano, mlamu, nditamva zimene mwanena zija, andibwereranso.

Panali munthu wina amene bambo ake pomwalira anamusiyira tiana ta ng'ombe tiwiri, tamphongo tokhatokha. Mkulu wa munthuyo nayenso bambowo anamusiyira tiwiri.

Mkuluyo sanachedwe. Nyanga zisanatalike n'komwe, anasema kagoli kopepuka. M'mawa uliwonse, mame asanaume, ankatimanga m'khosi n'kutikoketsa kanthambi kuzungulira khola. Kawiri, katatu, basi. Ankatitchula mayina. Ankati "Tiye," ankati "Ima." Akatero ankatimasula n'kutipatsa madeya othira kamchere.

Mng'onoyo ankaonerera chapatali, mtima ukumuwawa.

"Achimwene, nkhanza zanji zimenezi? Tiana tonunkha mkaka! Nanga kanthambi kameneko mukakagulitsa kumsika uti?"

"Za nthambi ndilibe nazo ntchito," anatero mkuluyo. "Ndikuzoloweretsa khosi."

Mng'onoyo anaseka. Zake anazisiya zizidya msipu ndi kugona pamthunzi. Zinanenepa, zinasalala, moti anthu odutsa ankaima kuziyang'ana. Mumtima ankati zidzaphunzira zikakula. Ng'ombe yamphamvu chonchi ingakanike kukoka ngolo?

Panapita zaka zinayi. Mng'ono uja anakwatira, ndipo mkazi wake anaima. Kusikelo anamwino anawauza mosabisa kuti mwana wakhala mopingasa, asadzayerekeze kuchirira pakhomo. Chipatala chinali kutali, kutsidya kwa dambo, ndipo kumudziko galimoto sinkafika.

Munthu uja anawerenga masiku ndi zala. Kunatsala milungu itatu. Anaganiza zokabwereka ng'ombe kwa mkulu wake, koma atakumbukira mmene ankamusekera, manyazi anamugwira. Anagula goli, anabwereka ngolo, anapota chikwapu.

Anayamba. Kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kulowa, osapuma. Zimene mkulu wake anazigawa pa zaka zinayi, iye anafuna kuzipanikiza m'milungu itatu. Ina ikakokera kumanja, inzake inkakokera kumanzere. Ina inkathyola zikeyi, timitengo ta pagoli togwira khosi, ina inkangogona pansi. Makosi anatupa, anasupuka, ntchentche zinadzaza pazilonda. Mkazi wake ankayang'ana ali pakhonde, dzanja lili kumsana.

"Zikutheka koma, bambo?"

"Mawa zikhala bwino."

Mawa linafika, zinali chimodzimodzi. Mwamunayo nsima ankangoisiya m'mbale. Mkaziyo akangobuula pang'ono podzuka pamphasa, iye ankathamangira kukamuona.

Tsiku silinadikire kuti milungu itatu ikwane. Linabwera kutatsala masiku khumi, dzuwa lili pamutu. Anayala matiresi m'ngolo, anamugoneka mkazi uja, azakhali ake atamugwirira mutu. Ng'ombe zinanyamuka mokhotakhota, koma zinanyamuka ndithu, ndipo munthu uja anayamba kupuma.

Atafika pamtsetse wotsikira kudambo, ng'ombe zinanunkhiza madzi. Zinathamanga.

"Ima! Ima!"

Anakuwa mpaka mawu kusasa. Koma m'makutu mwa ng'ombe zija, liwu limeneli linali phokoso chabe. Zinasiya njira, zinalowa m'matope, gudumu linatitimira. Zinamwa madzi mpaka kukhuta, kenaka zinagona pomwepo.

M'ngolo muja kulira kunayamba kuchepa mphamvu. "Apongozi, chitanipo kanthu, munthu akutha uyu!" anatero azakhali aja.

Anakweza chikwapu. Ng'ombe imodzi inatembenuka n'kumuyang'ana, ikubzikula mwakachetechete. M'maso mwake munalibe mwano. Sinkadziwa chimene akufuna, ndipo idakali yaing'ono panalibe tsiku limene inauzidwa. Munthu uja anaponya chikwapu m'matope n'kuliyatsa liwiro la kwa mkulu wake.

Mkuluyo sanafunse zambiri. Anaimba mluzu kamodzi. Ng'ombe ziwiri zowonda, za makosi olimba ngati chikopa cha ng'oma, zinabwera zokha kuchokera kumsipu, iliyonse n'kuima kumbali yake, n'kuweramitsa mutu kudikira goli. Kudambo kuja anamasula zonenepa zija n'kumanga zakezo pangolo. Anangoti "Tiye," ngolo inazuka.

Anafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Anamwino anamupulumutsa mayiyo. Mwana sanalire.

Ng'ombe zonenepa zija anazigulitsa kwa opha nyama, poti panalibe mlimi amene anazifuna. Akuti nyama yake anthu anaiyamikira kwambiri.

Mlamu, mwanena kuti mwana wanu Mwandida ali Sitandade 2 chabe, asewere kaye, adzalimbikira akafika Sitandade 8. Ndakumvani, ndipo ndikudziwa kuti n'chikondi. Munthu ujanso ng'ombe zake ankazikonda. Koma kope la mwanayu ndaliona. Lili pawindo apo chiwerukireni Lachisanu, chikuto chapindika ndi dzuwa. Mukadzafuna kuti akhale pansi maola atatu mayeso atayandikira, adzakhala bwanji munthu amene sanakhalepo ndi buku ngakhale kanthawi kowiritsa madzi a tiyi? Mudzakalipa, mudzathyola kamtengo, iye adzangokuyang'anani.

Sindikunena za chikwapu ayi. Ndikunena za kanthambi. Tsamba limodzi, masamu atatu, dzuwa lisanalowe, nthawi yomweyomweyo tsiku ndi tsiku. Mukhale naye pafupi. Akamaliza mumuyamikire, mumumasule akasewere fulaye ndi anzake. Zimene awerengezo mwina mawa aiwala, zilibe kanthu. Khosi ndilo likuzolowera.

Ine langa linauma. Kuwerenga ndinadziphunzitsa ndevu zitamera kale, pa nyuzipepala zokulungira usipa, ndipo mpaka lero milomo imagwedera ndikamawerenga. Makomo amene ananditsekekera sindingawawerenge.

Ha, nyale mwayatsa kale? Ndiye ndinyamuke, lole ya ku Mkanda imadutsa pasiteji eyiti isanakwane. Iyayi, mlongo wanga, usandiyalire mphasa, ukudziwa kuti ine sindikhalitsa malo amodzi. Ndipatsire chipewa changacho. Ndipo kope lija ulichotse pawindo, kunjaku kwachita mitambo.