Woluka Majuzi ndi Laputopu Yonyezimira

Panali munthu wina, mayi woluka majuzi a ana asukulu, amene ankakhala kuseri kwa msika m'tauni ina. Sukulu anailekera panjira akadali wamng'ono, ndipo zonse zimene ankadziwa anaziphunzira yekha, ndi maso ndiponso zala. Sankapempha, sankadandaula pagulu, ndipo sankalola kuti munthu amumvere chisoni. Anthu ankati ndi wamakani. Iye sankatsutsa.

Mayiyu anali ndi makina awiri olukira, ndi mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Ndaziona. Chaka china mwanayo anasankhidwa kupita ku yunivesite kukaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo wophunzira aliyense wa maphunziro amenewo ankayenera kufika ndi laputopu yakeyake. Mayi uja sanagogode pakhomo pa munthu. Anagulitsa makina amodzi, amene ankawakonda koposa, ndalama zake n'kuzimanga pa nsonga ya chitenje. Ankadziwa kuti mfundo imeneyo ikamasulidwa siidzamangidwanso, pakuti makina otsalawo ndiwo ankadyetsa nyumba. Laputopu imene akanagula inayenera kumufikitsa mwanayo kumapeto kwa maphunziro. Ikanafera panjira, mwanayo akanabwerera kunyumba.

Panalinso mlongo wake wa mayiyu, bambo wa mu ofesi, wa tayi ndi nsapato zowala. Iyeyu ndiye anali mwini mbumba, ndipo kwawoko nkhani yaikulu yokhudza mwana sinkayenda popanda malume. Choncho tsiku logula anapita atatu: malume patsogolo, mwana pakati, mayi pambuyo ndi thumba lake la ulusi ndi zingano, limene sankalisiya kulikonse kumene wapita.

Anafika m'sitolo ya magalasi, yozizira mkati. Pakhoma panalembedwa kuti katundu akatuluka sabwerera. Wogulitsa anawayang'ana onse atatu, nasankha kulankhula ndi tayi.

"Bwana, mwafika tsiku labwino," anatero, akutulutsa laputopu yopyapyala ngati kope, yonyezimira ngati beseni latsopano. "Iyi ndiye ya ana a ku yunivesite. Akangoitsegula m'kalasi, anzake adziwa kuti kwawo kuli anthu. Mtengo wakenso ndi wa pachibale."

Malume anaisisita, nadziona nkhope pa chivundikiro chake.

"Basi, ndi yomweyi," anatero. "Achemwali, masulani."

Mayi uja sanamasule. Anatembenukira kwa mwana wake.

"Chinthuchi chikagwira ntchito yanji?"

"Kulembera za m'kalasi, amayi. Ndiponso mapulogalamu."

"Basi?"

Ndaziona anayang'ana pansi. Mayi ake ankadziwa chimene ankabisa. Anali atamupeza kangapo kunyumba kwa anzake, maso ali tong'o pa sikirini, akuthamangitsa timagalimoto tabodza, ndipo mayiyo masewera amenewo ankadana nawo, powaona ngati mbava za nthawi.

"Ndafunsa kuti, basi?"

"Ndi magemu, amayi," anayankha mwanayo motsitsa mawu. "Ndimafuna ndidzaphunzire kuwapanga. Munthu sungapange chinthu chimene sunachisewerepo."

Malume anaseka mokweza kuti wogulitsa amve. "Magemu! Mayi ako agulitsa makina kuti iwe ukasewere? Usatinyazitse pamaso pa anthu, iwe."

Koma mayi uja anali asanachotse maso pa mwana wake.

"Pa ntchito zitatuzi, imene imalemetsa makina kwambiri ndi iti?"

"Gemu, amayi. Imawatopetsa kuposa zinazo."

"Uli nayo pano?"

"Ili m'fulashi, m'thumbamu."

"Iike m'menemo. Usewere."

Tsono mayiyu za kompyuta sankadziwa kanthu. Ngakhale dzina la batani limodzi sakanalitchula. Chimene anali nacho chinali chipsera cha kale. Pamene ankagula makina ake oyamba olukira, mwini wake anamulola kuluka mizere ingapo, ndipo inatuluka yosalala. Atafika nawo kunyumba, makinawo atagwira ntchito yeniyeni mpaka kutentha, anayamba kutaya ulusi ndi kung'amba nsalu. Kuyambira tsiku limenelo anasunga mawu amodzi mumtima: makina aliwonse amamvera akadali ozizira.

"Mami, muno si mu vidiyo sho," anatero wogulitsa. "Mukufuna kuona? Onani." Anaiyatsa, sikirini inawala, kanyimbo kanamveka pang'ono. "Mwaona? Ikugwira."

"Ndaona kuti yadzuka," mayi anayankha. "Sindinaione ikugwira ntchito."

"Kodi mami, kompyuta mumaidziwa inu?"

"Ayi, bambo, sindiidziwa. N'chifukwa chake sindikufulumira."

Makasitomala ena amene anali m'sitolomo anaseka. Malume anayandikira mlongo wake, nanong'oneza mano atalumana: "Achemwali, muno si pa kaunjika. Muno anthu sapimapima katundu ngati akugula nkhuku. Ine ndimadziwika m'tauni muno."

"Achimwene," anatero mayiyo, osatsitsa mawu ndiponso osawakweza, "ulemu wanu ndakupatsani. Mwatsogola ndinu, mwayamba kulankhula ndinu. Koma mfundoyi ndinamanga ndine."

Kenaka analoza khoma. "Bambo ogulitsa, lamulo lanu mwalilemba apo, ndipo ndaliwerenga. Langa silinalembedwe, koma ndi ili: ndalama yanga siituluka katundu asanatuluke thukuta. Ngati simukufuna, tiwoloka msewu, tikafunse kwa anzanu."

Wogulitsa anayang'ana nsonga ya chitenje, nayang'ananso sitolo ya kutsidya. "Sewerani," anatero. "Koma mwachangu."

M'sitolomo munalibe amene anamupatsa mayiyo mpando, ndipo iye sanaupemphe. Anakhala pansi pa matailosi, pakati penipeni pa sitolo, nawongola miyendo, natulutsa ulusi ndi zingano, nayamba kuluka.

Phwete linabuka. Bambo wina amene ankagula chaja anati, "Amayi, mwakhala chonchi, maliro ali kuti?"

"Tikuwadikira, bambo," anayankha, maso ali pa ulusi.

Malume anatuluka panja, foni ili kukhutu, ngakhale panalibe amene anawaimbira. Ndaziona anayamba kusewera mwamanyazi. Poyamba zonse zinayenda bwino. Timagalimoto tinkathamanga mokongola, ndipo wogulitsa anawomba m'manja.

"Mwaona, mami? Tilembe lisiti?"

"Pitiriza, mwanawe," anatero mayiyo.

Musaganize kuti mtima wake unali phee. Kuseka kwa anthu kunkamulasa monga kumalasira wina aliyense, ndipo matailosi anali ozizira kwambiri. Anadzifunsa kuti, nanga chinthucho chikapirira, sindidzakhala chitsiru chokhala pansi pachabe? Nadziyankha yekha kuti, chikapirira ndichigula ndi mtima wokhazikika, ndipo kukhala pansi sikunandithyole fupa. Analuka mzere wina, ndi winanso.

Pakupita kwa nthawi laputopu ija inayamba kulira ngati udzudzu. Kulirako kunakula kufikira kumveka ngati chigayo chakutali. Timagalimoto tinayamba kugwedezeka, kuima, kudumpha, kuimanso. Mayi anadzuka, naika kuseri kwa dzanja lake pansi pa makinawo monga amachitira pamphumi pa mwana wodwala malungo, nalichotsa msanga. Asananene kanthu, sikirini inada bii.

Bambo wa chaja uja anatenga katundu wake n'kutuluka.

"Imeneyi ndi ya ntchito zopepuka," anatero wogulitsa, akukanda kumutu. "Kulemba timakalata, kuonera mafilimu, pamenepo ilibe vuto. Simunanene kuti mukufuna ya ntchito yolemera."

"Simunafunse, bambo. Munafunsa tayi."

Mayiyo sanakalipe, ndipo sanaseke. Maso ake anagwa pa kauntala, pamene panali laputopu ina yakuda, yonenepa, yokalikakalika, imene wogulitsa ankalemberapo malonda. Kuchokera pamene analowa inali ikuimba nyimbo, ndipo pakona pa sikirini yake anthu ankamenya mpira.

"Nanga yanuyo, mwaiyatsa liti?"

"M'mawa, potsegula."

"Imazima yokha?"

Wogulitsa anaseka, ndipo ulendo uno kunali kuseka kwa munthu, osati kwa malonda. "Imeneyo ndi bulu, mami. Inagwira kale ntchito m'maofesi, ndiye tinaigula yakale. Imalemera ngati njerwa. Ana a ku yunivesite saiyang'ana n'komwe."

"Ili ndi inzake?"

Wogulitsa analowa kuchipinda cha kumbuyo, nabwera nayo, akupukuta fumbi ndi mkono wa malaya. Inali ndi chipsera pakona, ndipo zilembo zina zinali zitafufutika ndi zala za eni ake akale. Mtengo wake unkakwana mu mfundo yomwe ija.

"Ika gemu yako," anatero mayi kwa mwana wake.

Wogulitsa anathamangira mpando, koma mayiyo anapukusa mutu. "Zikomo, bambo. Pansipa pandisunga bwino." Nakhalanso pomwe paja, natola zingano zake.

Bulu uja sanali wokongola pa ntchito. Ndaziona anachita kuchepetsa kuwala ndi kukongola kwa zithunzi kuti timagalimoto tiyende bwino. Koma tinayenda. Makinawo anafunda monga chimafundira chikhatho cha munthu, napuma mpweya wake mofatsa, osalira. Mwanayo anatseka gemu, natsegula pulogalamu yake yolembera, ndipo inatseguka. Anabwereranso ku gemu, ndipo makinawo sanadandaule. Wogulitsa, amene tsopano anali atatsamira pa kauntala kuonerera nawo, anaitembenuza nawaonetsa tizitsulo tomangira kunsi kwake, nati imeneyi imatseguka, ndipo ikadzachepa mphamvu munthu angathe kuiwonjezera osagula ina.

Dzuwa litapendeka, mayi uja anapinda choluka chake, naimirira, nakutumula chitenje. Pamenepo ndi pamene anamasula mfundo.

Panja anapeza malume ataima pamthunzi. Malumewo anayang'ana chinthu chakuda chimene mwana ananyamula, nagwedeza mutu.

"Achemwali, lero mwandichititsa manyazi. Tsiku lonse pansi, n'kutulukamo ndi njerwa?"

"Achimwene, manyazi anu athera pachitseko apa. Tikanagula yonyezimira ija, anga akanayamba mawa, ndipo akanakhala nane m'nyumba pamodzi ndi mwana wobwerera kusukulu."

Malume anayenda patsogolo monga anabwerera.

Ali m'njira, Ndaziona anati, "Amayi, anzanga akandiseka nayo."

"Akakuseka, inde. Lero wandiona ine ndikusekedwa ndi sitolo yonse. Ndafa?"

"Ayi, amayi."

"Magemu akowo sindinayambe kuwakonda. Koma ndaona kuti ndi katundu wolemera, ndipo ine sindinyoza katundu wolemera. Ukawapange, usakangowasewera."

Inu amene mukundimva, wolemera angathe kugula ndi maso, chifukwa akalakwa lero abweranso mawa. Inu ndi ine timagula kamodzi. Choncho musanamasule mfundo yanu, funsani mwini ntchito kuti yolemera koposa ndi iti, ngakhale itakhala imene simuikonda, ndipo chinthucho muchisenzetse ntchito imeneyo pamaso panu mpaka chitenthe. Adzakuuzani kuti malo ano si oyeserapo. Adzakufunsani ngati mukudziwa. Nenani poyera kuti simukudziwa, ndipo musasunthe. Amene akukusekaniwo sadzakhalapo tsiku limene chinthucho chidzazime m'manja mwa mwana wanu. Ngati sakupatsani mpando, khalani pansi.