Malo Amodzi ku Sukulu ya Malupanga

Kalekale ndithu, ngakhale kuti ndege zinali zitayamba kale kuuluka, kunali mphunzitsi wa masewera a malupanga dzina lake Che Sumani. Anali msilikali wopuma, munthu wodana ndi chisokonezo monga momwe aliyense woleredwa bwino ayenera kudana nacho. Masewerawa si ndewu ya kumowa ayi. Anthu awiri amavala zoyera, amaphimba nkhope ndi chisoti cha waya, amapatsana ulemu, kenaka n'kumalasana ndi malupanga osathwa. Nsonga ikagunda mnzako, nyali imayaka pa makina, ndiye kuti wapeza chigoli.

Chaka china mayiko a Chisilamu anasonkhana mumzinda wakutali kukapikisana pa masewera osiyanasiyana. Che Sumani anapita ndi ophunzira ake atatu: Dunia, Mwanaisha ndi Asiyatu. Anafika mpaka polimbirana mendulo ya mkuwa ndi atsikana a eni mudzi, atatuwo kumalowa mosinthana, zigoli zawo kumaphatikizidwa.

Dunia anali wa mutu wouma, wosadziwa kusunga nthawi. Lamulo limati lupanga lililonse liyesedwe ndi kudindidwa mpikisano usanayambe. Iye anatayirira kodyera, malupanga ake sanadindidwe, ndipo woyimbira masewero anawakana pamaso pa khamu lonse.

"Iwe Dunia!" anakalipa Che Sumani. "Ndinakubweretsa kuno kudzamaliza mpunga wa eni ake?"

Komatu atabwereka lupanga analowa ngati njati yolasidwa. Gulu lake linali litatsalira kutali, iye yekha analikoka mpaka linafanana ndi adani. Pomaliza, ndi ukali wosafunikira, analithyola lupanga la eni akelo.

Mwanaisha ndiye anali mwini lupangalo. Anali nalo limodzi lokha, ndipo analipereka asanapemphedwe. Litathyoka, malupanga otsala anali a Asiyatu, amene ndi wamanzere. Chogwirira cha lupanga la wamanzere sichikhala m'dzanja lamanja, chimakana ngati nsapato yovalidwa mosemphanitsa. Mwanaisha anamenya nalo choncho, zala zikutupa. Sanagoletse kwenikweni, koma anatseka khomo kuti adani asathawe nazo zigoli. Owonerera anamuseka kuti ndi wamantha.

Asiyatu analowa pomaliza. Kutatsala chigoli chimodzi kuti mbali iliyonse ipambane, analumpha, nyali yake n'kuyaka. Che Sumani anaponya chipewa m'mwamba, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Koma Asiyatu anavula chisoti, nakonza mpango wake, nauza woyimbira kuti nsonga inagunda pansi, kunja kwa mzere, osati mdani. Palibe amene anali ataona. Chigoli chinafufutidwa. Atayambiranso, mdani anamulasa paphewa, mendulo n'kupita.

Che Sumani akutola chipewa chake, panafika mayi wachikulire, mphunzitsi wa opambanawo, ali ndi womasulira. Mayiyo anati, "Mwa ana anuwa muli mmodzi amene ali ndi chimene ndakhala ndikuchifuna. Nditumizireni, aphunzire pasukulu yanga chaka chathunthu. Malo ndi amodzi."

Tsono apa ndi pamene munthu wanzeru akanafunsa kuti, "Uti?" Koma kwathu wopatsidwa mphatso safunsa mafunso, kuopa kuoneka wamwano. Che Sumani anagwira pachifuwa, nawerama, nathokoza kambirimbiri mpaka mayiyo anachoka. Mawa lake manyazi atatha anamuimbira foni, koma yankho linali lalifupi: "Mphunzitsi wawo ndinu. Mukumudziwa."

Sankamudziwa. Ndipo analakwitsanso kachiwiri pouza atsikanawo nkhaniyi ali pabwalo la ndege, pakati pa anthu.

"Aphunzitsi, mukuvutikiranji?" anatero Dunia. "Sukulu ya malupanga imafuna womenya. Popanda ine tikanabwerako ngati alendo okaona nyumba zazitali."

"Unamenya ndi lupanga la yani, achemwali?" anafunsa Mwanaisha, akuonetsa zala zake. "Lili kuti pano?"

Dunia anatembenukira kwa Asiyatu. "Nanga uyu shehe wathuyu? Mendulo inali m'manja, iye n'kukaibweza ngati mbale yobwereka!"

Asiyatu anayankha motsitsa, "Ukanaivala pakhosi ukupita ku swala kumzikiti?"

"Chete nonse!" anakuwa Che Sumani, mpaka apolisi a pabwalo anacheuka.

M'ndege sanadye. Akaganiza zotumiza Dunia, ankaona kuti akudalitsa kusamvera, ndipo ana onse a kusukulu kwake adzaphunzira kuti lamulo ndi la ofooka okha. Akaganiza za Mwanaisha, ankaopa kuti mayi uja adzati, "Ndinapempha womenya, mwanditumizira wobwereketsa." Akaganiza za Asiyatu, mtima unkavomera, koma ankakumbukira kuti chilungamo chakecho anachigula ndi thukuta la anzake awiri, osawafunsa n'komwe. Ndege inatera iye asanagamule, ndipo makolo a atsikana onse atatu anali panja, aliyense atamva kale kuti mwana wake ndiye akupita.

Tsono inu mwakhala apa, musayankhe nonse pakamodzi ngati pamsika. Mmodzimmodzi, ndipo aliyense apereke chifukwa chake. Che Sumani atumize yani: amene anagoletsa ataphwanya lamulo, amene anapereka lupanga lake nasanduka choseketsa, kapena amene ananena zoona n'kuluzitsa anzake?