Telala Amene Anaboola Sefa ya Galimoto

Panali munthu wina, telala wosoka pakhonde la sitolo, amene anali ndi galimoto yakale yamtundu wa thambo losuluka. Inali ya kabuleta, zija zimene m'mawa sizilira popanda kuzinyengerera. Kwa zaka zambiri inkangokhala pansi pa mtengo wa mapeyala, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Anthu ankaitcha chiphakasa, koma mwini wake sankaiona choncho. Akatopa ndi kupalasa makina osokera, ankalowamo, n'kugwira chiwongolero, n'kutsinzina. Maulendo amene munthuyu anayenda ali pansi pa mtengo umenewo, ngakhale woyendetsa basi sangawafike.

Mkazi wake anali Nankhoma. Chaka china maso a mayiyu anayamba kuchita chifunga. Kuchipatala anawauza mosabisa kuti si ng'ala yoti angaichotse. Kuwala kuzingochepa pang'onopang'ono, ndipo pofika nthawi ya mvula mwina adzakhala atasiya kuona.

Nankhoma sanalire pamaso pa anthu. Anangopempha chinthu chimodzi. Iye anabadwira m'tsinde mwa phiri lina, kumene mudzi unasamuka kalekale n'kusiya nkhalango yokha. Chaka chilichonse mvula isanagwe, mitengo ya mombo ya paphiripo imaphuka masamba atsopano, ndipo masamba amenewo amayamba ali ofiira. Phiri lonse limafiira kuyambira pansi mpaka pamwamba kwa milungu iwiri kapena itatu, kenako limabiriwira ngati phiri lina lililonse. Nankhoma anati akufuna aone kufiira kumeneko kamodzi kokha maso asanatseke. Minibasi sizinkafika kumeneko, ndipo njinga yamoto sakanakwera chifukwa cha chiuno chimene chinkamuvuta. Njira inali imodzi basi, galimoto ya pansi pa mapeyala ija.

Telala anathamangitsa nkhuku, anapopa matayala, anaika batire, n'kuthira petulo wa m'zigubu wogula m'mbali mwa msewu. Galimoto inadzuka, ana a m'mudzi n'kuithamangira. Koma inadzuka ndi matenda. Pamalo osalala inkayenda bwinobwino, koma ikayamba chitunda inkatsokomola, n'kunjenjemera, n'kuzima. Ukaidikira nthawi yokwana kudya chimanga chimodzi chowotcha, inkalira, n'kuyenda pang'ono, n'kuzimanso.

Anasintha mapulagi, sizinathandize. Anapala mitu ya batire ndi mpeni mpaka kunyezimira, sizinathandize. Anafika poganiza kuti mwina alipo wina amene sakufuna kuti ulendowu uchitike. Musaseke, tonsefe timafika pamenepo nzeru zikatithera.

Potsiriza anapita nayo kwa makaniko wina wa pansi pa mtengo kumsika. Makanikoyo sanathamangire sipanala. Anafunsa kaye kuti imazima pamalo otani, n'kuimvetsera ikulira. Kenako anatsata ndi chala paipi yochokera kuthanki, mpaka anafika pa kanthu kapulasitiki kofanana ndi dzira kukula kwake, kamene petulo amadutsamo asanafike ku kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya. Imeneyo ndiye sefa ya mafuta. Anaichotsa, naiyang'ana padzuwa. Kapepala ka m'kati mwake kanali katada ndi dzimbiri. Anaiuzira chobwerera, ndipo munatuluka matope ofiira.

Anamufotokozera telalayo kuti thanki inachita dzimbiri zaka zonse zimene galimoto inangokhala, ndipo petulo wa m'zigubu anawonjezera fumbi lake. Mankhwala ake enieni anali kutsitsa thankiyo, kuikamo timiyala, kuikhutchumula mpaka itayera, n'kuiyanika padzuwa. Ntchito ya masiku atatu. Telala anapukusa mutu. Munthu wina wogulitsa uchi anali atamuuza kale kuti kuphiri kuja masamba ayamba kufiira, ndipo iye sankafuna kutaya ngakhale tsiku limodzi.

"Ndiye pitani nayo momwemu, achimwene," anatero makanikoyo. "Ikazima, chotsani sefa, muiuzire, muibwezere. Muima kasanu ndi kawiri, mwina kasanu ndi katatu, koma mukafika. Chokhacho, musaichotseretu. Imeneyi ndi imene ikudya dothi m'malo mwa injini."

Telala anavomera ndi pakamwa. Pobwerera kunyumba galimoto inazima kawiri, ndipo kawiri konseko anapeza sefa yatseka. M'kamwa mwake munkanunkha petulo, milomo ikuwotcha. Anthu odutsa ankamuona atawerama muboneti, n'kumupatsa pepani wa chiseko m'kati. Ndiye mumtima mwake munayamba kumera maganizo. Nthawi zonse galimoto ikazima, kotseka n'kuti? Pasefa. Akaiuzira, imayenda. Ndiye wolakwa ndani? Anaona ngati nkhaniyo ndi yoonekeratu, yosafuna sukulu.

Komanso munthuyu anali ndi loto lake, ndipo ndikuganiza kuti lotolo ndi limene linamupweteka. Zaka zonse zimene ankatsinzina pachiwongolero, ulendo wa m'mutu mwake unalibe kuima. Msewu unkangotambasuka, mkazi wake ali pawindo, mphepo ikusewera ndi mpango wake. M'loto limenelo munalibe mwamuna wowerama m'mbali mwa msewu akulavula petulo. Iye ankamukonda Nankhoma, zimenezo ndikuikira umboni, ndipo ankafuna kumupatsa ulendo wopanda chilema.

M'mawa wa tsiku la ulendo, mkazi wake akumanga mpango m'nyumba, telala anatenga sipoko ya njinga. Anachotsa sefa ija, analowetsa sipokoyo mbali imodzi, n'kuikankha mpaka inatulukira mbali inayo. Kapepala ka m'kati kanabooka. Anaibwezera pamalo pake, ndipo kunja kwake inkaoneka ngati sefa yabwinobwino.

Galimoto inayenda tsiku limenelo! Inakwera chitunda choyamba osatsokomola, chachiwiri chimodzimodzi. Anasiya msewu wa tala, nalowa wafumbi. Dzuwa la m'mawa linkadutsa mu utsi wa minda imene anthu ankatentha, ndipo dziko lonse linkaoneka lofewa. Nankhoma anatsamira pawindo n'kumatchula zimene maso ake ankatola. Nkhope za anthu sankaziona, koma ankaona mitundu: chitenje chachikasu chikuyenda chokha m'mbali mwa msewu, chidebe chobiriwira chikuyandama m'mwamba popanda mutu wochisenza, ng'ombe zoyera zikusungunuka m'fumbi. Ankaseka, n'kumanena kuti dziko lasanduka nsalu zoyanikidwa. Anayamba kufotokoza za kasupe wa m'tsinde mwa phiri kumene ankatunga madzi ali mtsikana, ndi mmene masamba ofiira ankagwera mumtsuko mwake. Telala ankangomwetulira, mtima uli m'malo.

Patapita nthawi Nankhoma anatchera khutu ku injini.

"Bambo, lero siikuima bwanji?"

"Ndaichiritsa, aNankhoma."

Mayiyo ananena kuti iye anali atanyamula mphasa ndi tiyi wa m'fulasiki, poganiza kuti aziima m'njira, azikhala pamthunzi mwamuna wake akuuzira kanthu kake kaja. Telala anaseka, nati tiyiyo akamwera kuphiri.

Analowa m'nkhalango dzuwa lisanafike pamutu. Nyumba zinatha, anthu anatha, kunatsala msewu wa odula mitengo. Kutsogolo kunali chitunda chimodzi chachitali, ndipo ukafika pamwamba pake, phiri lija limaonekera lonse. Pakati pa chitunda chimenecho galimoto inatsokomola kamodzi. Inatsokomolanso. Kenako inazima.

Telala anatsika ali phee, poti ntchitoyi ankaidziwa. Anachotsa sefa, naiuzira. Mpweya unangodutsa osagunda kanthu. Munalibe choti atulutse. Anadikira nthawi ya chimanga chimodzi, n'kuliza. Injini inangozungulira. Anadikiranso, n'kulizanso, mpaka batire inayamba kulira ngati munthu wotopa.

Apo m'pamene anatenga sikuludiraiva ya makina ake osokera n'kutsegula kabuleta. M'kati munali matope ofiira, omwe aja ankawalavula pamsewu pochokera kwa makaniko. Dothi lonse limene sefa ikanagwira m'mawa wonse linali litadutsa, n'kukalowa m'timabowo timene petulo amatulukira, tija amakaniko amati majeti. Telala amadziwa diso la singano, ndipo anaona kuti timabowoto ndi tating'ono kuposa pamenepo. Komabe anasolola singano pakolala ya malaya ake n'kuyamba kutokosa. Singanoyo inathyokera momwemo.

Nankhoma anafunsa kuti kwatsala mtunda wotani. Atamva kuti ndi chitunda chimodzi chokha, anatsika, nagwira mkono wa mwamuna wake kuti ayende wapansi. Anayenda mpaka pamtengo wachitatu, chiuno chinakana. Telala anayesa kumubereka, koma onse awiri anali anthu aakulu, ndipo anagwa naye m'fumbi. Anakhala pansi pamenepo, dzuwa la chilimwe likuwaphika, tiyi uja n'kutha. Masana onse sipanadutse munthu. Dzuwa litapendeka kunatsika thirakitala yodzaza zipika, ndipo woyendetsa anati ndi katundu wotere sangatembenuke pachitunda. Chimene akanatha n'kuwakoka kubwerera kumene anachokera, ndipo anawakokadi.

Dzuwa la tsiku limenelo linamugoneka Nankhoma milungu iwiri. Kabuleta ina ya galimoto yakale chotero inasowa, mpaka makaniko uja anakaipeza pa chiphakasa china m'tauni patatha milungu itatu. Sanamunyoze telalayo. Anangomupatsa timiyala m'manja n'kumulozera thanki. Anaitsitsa, anaikhutchumula, anaiyanika. Zinatenga masiku atatu, monga ananenera poyamba paja.

Ananyamukanso ndi sefa yatsopano, mvula yoyamba itagwa kale. Galimoto sinazime ngakhale kamodzi. Koma ulendo uno Nankhoma sanatchule mtundu uliwonse. Anangotsamira pawindo, nkhope ili kumphepo.

Atafika m'tsinde mwa phiri, telala anamutsitsa, namuimika moyang'ana kumtunda. Mtima wake unkamuuza kuti aname, anene kuti phiri lafiira, poti ndani akanamutsutsa? Koma Nankhoma sanamufunse za mtundu. Anapempha kuti amuthyolere tsamba limodzi la mombo. Analigwira pakati pa zala, nalisisita. Tsamba lofiira limakhala lofewa ngati khutu la khanda, ndipo ili linali lolimba.

"Akhwima kale," anatero.

Telala anagwetsa misozi. Mkazi wake sanakalipe. Anapinda tsambalo, nalimanga pakona ya chitenje, kenako anafunsa ndi mawu ofatsa.

"Bambo, tsiku lija, tikanaima kasanu ndi katatu kaja, tikanafika nthawi yanji?"

"Dzuwa lisanapendeke, aNankhoma."

Mayiyo anangogwedeza mutu, n'kupempha kuti amuyalire mphasa.

Tsono inu akulu a mpingo anzanga, mwandiitana lero kuti tigwirizane zochotsa mayi Kamtedza m'komiti yathu. Mwati msonkhano uliwonse umaima pa iwo. Tikati timange, iwo amafunsa ngati tawafunsa eni malo. Tikati tisankhe uje, iwo amakumbutsa zimene uje anachita kwa mkazi wake. Nanenso amanditopetsa, sindikubisa. Ndatulukapo m'chipinda chino m'kamwa muli powawa chifukwa cha iwo.

Koma ndikufunseni. Zimene amatiimitsira zija, amabwera nazo kuchokera kunyumba kwawo, kapena amazipeza mwa ife? Mukawachotsa, misonkhano yathu iyenda mokoma, tizitha msanga, tizituluka tikuseka. Dothi lokha silidzachoka. Lidzangodutsa, n'kukatseka kumene pakamwa pathu sipangafike, tsiku limene kuli munthu amene akudalira kuti tifike naye.

Ngati kuima kwatitopetsa, tiyeni titsitse thanki, ndi ntchito ya masiku atatu. Ngati sitingathe, tiziima ndi kuuzira. Koma sipoko imene mwabwera nayo lero, ine sindiigwira.