Nkhanga, Malonje ndi Njira ya Mchere

Kalekale, nyama zikadayankhula ngati inu ndi ine, kunali maiko anayi ondondozana m'njira imodzi. Kumtunda kunali Mapiri, kwa eni uchi. Kutsika pang'ono kunali Dambo, kwa oluka mphasa. Kupitirira apo kunali Dongo, kwa oumba miphika. Kumapeto kwenikweni kunali Chigwa, kumene mchere unkatuluka m'nthaka.

Chaka china kunagwa chilala. Dziko lililonse linatseka malire ake poopa kugawana chakudya. Mvula inabwerera, koma malire sanatsegulidwe. Njira inamera udzu. Alendo anasiya kufika.

Mvetserani bwino apa. Alendo atasiya kufika, ku Mapiri kunaiwalika mawu amodzi. Mawuwo ndi malonje, kuja mlendo amakhala pansi n'kufotokoza kumene wachokera, amene wawasiya kumudzi, ndi zimene waona m'njira, asananene chimene wadzera. Nanga akanawakumbukira bwanji, womufunsa palibe?

Ku Mapiriko kunali Nkhanga. Masiku amenewo nthenga zake zinali zakuda bii, zopanda mawanga. Anali wamanyazi. Pamsonkhano ankakhala kumbuyo, maso akuona zonse, pakamwa pali chete. Mkulu wake, Ndaziona, anapita kuchitengwa ku Chigwa chilala chisanagwe, ndipo kuchokera apo sanaonanenso. Masuku akapsa, Nkhanga ankaima pansi pa mtengo umene ankatolapo awiri, n'kuyang'ana kumunsi, n'kuyimba motsitsa:

Achemwali, achemwali,
masuku apsa kwathu,
ndidye ndi yani?

Zaka zinapita. Ku Mapiri uchi unachuluka mpaka kusowa mothira, koma mchere kunalibe. Ndiwo ankathira chidulo. Ana anabadwa n'kukula osadziwa kukoma kwa mchere. Potsiriza nyama zinakumana n'kugwirizana kutumiza nthumwi, zikapemphe maiko atatu aja kuti njira itsegulidwe, azisinthana katundu.

"Nditumeni ine," anatero Fisi. "Pakamwa panga sipalephera malonda."

Anamupatsa zipanda zitatu za uchi, chimodzi cha dziko lililonse, zoti akalawitse.

"Nanga njira akudziwa ndani?" wina anafunsa.

Kenaka kumbuyo kunamveka kamawu. "Ine ndinaperekeza achemwali anga mpaka pamtsinje."

Anamutenga Nkhanga. Mumtima mwake munalibe za uchi kapena mchere. Munali Ndaziona. Iye ankadziwa kuti ulendowu ukalephereka, njira idzakhala yotseka mpaka onse awiri adzafe.

Anayenda, anayenda, anayenda. Anafika padoko la ku Dambo. Panali Mvuu, wowolotsa alendo.

"Takulandirani," anatero Mvuu. "Kale tinaona mlendo. Khalani pansi. Malonje?"

Fisi sanakhale pansi. Makutu ake anamva zina. "Malonda? Alipo, achimwene, alipo! Uchi weniweni wa kumapiri. Chipanda chimodzi, mphasa zisanu."

"Ndati malonje."

"Chabwino, zinayi. Inunso ndinu ovuta!"

Mvuu anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anamira phuu, osatulukanso.

Nkhanga anawadziwa mawuwo. Anawamva tsiku limene akuchimuna anabwera kudzatenga Ndaziona. Koma anachita manyazi kumuwongolera Fisi.

Anazungulira masiku awiri kufuna powolokera. Fisi anati, "Chipanda cha amwano aja chikungondilemera." Anachinyambita chonse. Nkhanga anaona. Anangoyenda patsogolo akuyimba chamumtima.

Anayenda, anayenda, anayenda. Anafika pamalire a ku Dongo. Panali Nungu, akusalaza mphika.

"Alendo! Fikani, fikani. Mpando uwo. Malonje?"

"Malonda ndi omwe tabwerera, mayi," anatero Fisi, ali chiimire. "Chipanda chimodzi, miphika itatu. Osati timiphika tokhota ngati kamene mwagwirako."

"Bambo, kwanu mlendo amayamba choncho?"

"Kwathu sititaya nthawi."

Nungu anaika mphika pansi bwinobwino. Anatembenuka, n'kutukumula minga. Fisi anadumphira m'tchire, Nkhanga pambuyo pake.

"A Fisi," anayesa Nkhanga, "mwina sakunena za..."

"Iwe, ntchito yako ndi njira. Zamalonda usiyire akuluakulu."

Anadutsa m'minga masiku atatu. Fisi anamaliza chipanda chachiwiri. Ndipo poti pakamwa panali patazolowera, anayambanso chachitatu, n'kuthiramo madzi kuti chizilemera. Nkhanga anaonanso.

Anayenda, anayenda, anayenda. Nthaka inayamba kuyera mbee. Anafika pachipata cha ku Chigwa. Panali mbalame yokalamba, nthenga zake zitayera ndi fumbi la mchere, maso atachita khungu chifukwa cha kunyezimira kwa nthaka.

"Ndamva mapazi achilendo," inatero mbalameyo. "Khalani pansi. Malonje?"

Fisi anakoka mpweya. "Malo..."

Nkhanga anaona chipata. Anaganiza kuti kuseri kwake, penapake, kuli Ndaziona. Fisi akamaliza mawu amenewo, chipatacho chitsekeka. Anadutsa kutsogolo kwa Fisi, n'kukhala pansi, n'kuwomba mapiko mwaulemu.

"Zikomo, mayi," anatero. "Ife tachokera ku Mapiri. Kumeneko tawasiya ali bwino, koma ndiwo akudya zachidulo. Mvula chaka chino yagwa yokwanira. Njuchi zaswana. M'njira tinafika kwa a Mvuu, ndipo tinawalakwira. Tinafika kwa a Nungu, tinawalakwiranso. Anatifunsa malonje, ife n'kuwayankha malonda. Ine ndinkadziwa, koma ndinachita manyazi."

"Pitirizani," inatero mbalame ija. "Kumudziko mwasiya ndani?"

"Mayi anamwalira chaka chachitatu chitsekereni njira. Tinasowa wotuma. Nyumba yawo inagwa. Koma msuku wa kuseri kwa nyumba ukadalipo, ndipo ukubereka kwambiri. Masuku amangowolera pansi, chifukwa ndekha..." Chimene chinatuluka ndi nyimbo ija:

Achemwali, achemwali,
masuku apsa kwathu,
ndidye ndi yani?

Mbalame yokalamba ija inafunsa pang'onopang'ono, "Msukuwo, nthambi ya kum'mawa ija inathyoka ndi mphepo, inaphukanso?"

Nkhanga anadzutsa mutu. Anayang'ana nkhope yoyera ija bwinobwino.

"Achemwali?"

"Ndinapempha ndekha ntchito ya pachipata pano," anatero Ndaziona. "Ndinati tsiku lina wina adzatsika kuchokera kwathu, ndidzakhale woyamba kumva. Maso anatha ndikuyang'ana njira. Bwera kuno, mwana wa amayi."

Anamufungatira ndi mapiko odzaza mchere. Analira, analira. Analira mayi awo, analira zaka zimene zinatayika. Misozi inanyowetsa mchere uja, n'kuumatiza pa nthenga zakuda za Nkhanga, kadontho apa, kadontho apa, thupi lonse.

Fisi anatsokomola. "Eee, zachibale zatha? Tsopano malonda."

"Akubwera, bambo," anatero Ndaziona akupukuta maso. "Koma inu simunapereke malonje anu. Munanyamula chiyani pochoka kwanu?"

"Zipanda zitatu za uchi."

"Zafika zingati?"

"Chimodzi. M'njiramu muli zovuta, mayi. Dzuwa limamwa uchi."

Akuluakulu a ku Chigwa anali atasonkhana. Anatsegula chipanda chija n'kulawa. Anali madzi onunkhira uchi. Fisi anayang'ana kumwamba ngati kuli china chake chofunika.

Koma akuluakuluwo anali atamva malonje a Nkhanga. Mmodzi anati, "Amene wanena yekha kulakwa kwake asanafunsidwe, uchi wa kwawo tiukhulupirira tisanaulawe. Mchere tili nawo wambiri, ukungotiumira m'nkhokwe. Koma njira ndi imodzi, ndipo imadutsa kwa Nungu ndi kwa Mvuu. Pangano la awiri silingayende pamene eni njira ndi anayi. Bwererani mukakhale pansi kwa onsewo."

Anapereka matumba atatu a mchere: la ku Dongo, la ku Dambo ndi la ku Mapiri. Onse atatu anamusenzetsa Fisi. Anayenda nawo chokwera, akutula limodzilimodzi mpaka kwawo, chiuno chikutsika, chikutsika. N'chifukwa chake mpaka lero Fisi kumbuyo ndi kofupika.

Nkhanga anakhala ndi mkulu wake masiku atatu okha. M'mawa wa tsiku lachinayi anati, "Achemwali, tiyeni tipitire limodzi."

"Maso awa ndi mapiri aja? Ayi. Ndili ndi ana kuno, ndi zidzukulu. Iwe pita ukatsegule njira. Masuku akapsa, undibweretsere."

Kwa Nungu, Nkhanga anakhala pansi n'kupereka malonje, ndipo Nungu anagoneka minga. Kwa Mvuu anakhala pansi n'kupereka malonje, ndipo Mvuu anawawolotsa pamsana. Mwezi usanathe, nthumwi za maiko onse anayi zinakumana padoko paja. Zinagwirizana kulambula njira pamodzi. Uchi unatsika, mchere unakwera, mphasa ndi miphika zinapita uku ndi uku. Zinagwirizananso kuti pachipata chilichonse pazikhala mphasa yoyala, kuti wamalonda aziyamba wakhala pansi.

Masuku atapsa, Nkhanga anadzaza dengu n'kutsika. Anadya awiri pachipata, Ndaziona akuyamwa pang'onopang'ono, akunena kuti akoma ngati kale. Anadya choncho zaka zinayi. Chaka chachisanu Nkhanga anapeza pachipata pali mdzukulu wa Ndaziona. Ndaziona anali atamwalira. Anakhala pansi, anapereka malonje onse, osasiya kanthu, ngati kuti mwini wake akumva. Kenaka anasiya dengu pamphasa n'kubwerera.

Madontho a mchere aja sanachoke. Mvula inawanyowetsa, fumbi linawakwirira, koma sanachoke. Ana ake anabadwa nawo, ndi ana a ana ake. Mukaona nkhanga ikuthamanga m'njira, mutu uli m'mwamba, ikuitana mobwerezabwereza, yang'anani mawanga oyerawo. Ndi pamene anagwira achemwali ake.

Phunziro lake ndi ili: amene akufuna kuchita malonda ndi anthu a dziko lina ayambe wakhala pansi, awadziwe ndipo iwo amudziwe. Katundu amayenda m'njira imene ubale walambula, ndipo wadyera amabwerako ndi mtolo wokha.

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule, isanapserere.