Duwa la a Chadzunda pa mizu ya eni

Laphuka, anzanga, laphuka! Duwa la rozi lija onse ankati lafa lamasula m'mawa uno pa mpanda wa a Najere. Khalani pansi mumve mmene mwambi wa mwana wa mnzako wapherezekera!

Malemu a Chadzunda, amuna awo a Nasoko, ankatenga mungu wa rozi wofiira ndi nthenga ya nkhuku n'kuupaka pa duwa loyera, kenako n'kufesa njere zake. Zambiri zinkamera zachabechabe. Koma imodzi inakula kukhala chitsamba chofika m'chiuno, maluwa ake ngati mkati mwa papaya wakupsa, fungo lomveka mpaka kumsewu. Lotere kwina kunalibe.

Mwiniwake atamwalira, chiswe chinalowa kumizu. A Nasoko anathira phulusa, anathira madzi, koma ayi ndithu, masamba ankangoyoyoka. Inatsala nthambi imodzi yokha yaiwisi.

Tsono a Najere, oyandikana nawo nyumba, ali ndi mpanda wa rozi wam'tchire, minga yokhayokha, moti ngakhale mbuzi zimaulambalala. Anafika kwa a Nasoko mpeni uli m'manja.

"Achemwali, ndipatseni nthambiyo."

"Mudule yomwe yatsalayi? Ndiye nditsala ndi chiyani cha amuna anga?"

"Mukaisiya pamenepo mutsala ndi nkhuni. Mizu yanga chiswe chimaiopa. Ikakulire kwanga."

"Minga yanu ija ingalere mwana wa eni?"

"Nanga ine ndinakulira kwa azakhali, ndinafa?"

A Nasoko anayang'ana kumbali, misozi ili lengelenge, mtima ukukana. Kenako anati, "Dulani."

A Najere anasema kamphukira ka panthambipo, anang'amba pang'ono khungwa la tsinde lawo, kukalowetsamo, n'kumanga ndi luzi. Kumeneko ndiye kumezanitsa. A Nasoko akamapita kumjigo ankadzera pomwepo kukasuzumira. Koma kanagwira, anzanga! Kanatulutsa timasamba, kanakula, mpaka lero duwa lija psuu!

"Tsono ndi lanu kapena langa?" anafunsa a Nasoko akuseka, mphuno ili paduwa.

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye," anayankha a Najere.

Kutanthauza kuti ukalera bwino mwana wa mnzako, zabwino zake zimakufikira iwenso. Onani, a Nasoko chikumbutso chawo chapulumuka, ndipo a Najere khomo lawo lonse likununkhira.

Mawa tikaweruka kusukulu mubwere nonse mudzaone, lachiwiri lidzakhala litamasula!