Mpando wa Bambo Jailosi

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi Bambo Jailosi Kamphale anali phungu wa dera lina la ku North York m'nyumba ya malamulo ya Ontario. Chipani cha m'deralo chinali m'manja mwawo. Akagwedezera mutu, munthu ankaimira chipanicho pa chisankho. Akakhala chete, basi, zake zada.

Anthu ankati ali ndi mankhwala. Mankhwala ati! Mkulu ameneyu sankaphonya maliro. Kaya wamwalira ndi Mmalawi, Mzambiya kapena Mtamili wa m'nyumba zosanja za m'deralo, iwo ankafika, kuvula nsapato pakhomo, n'kukhala pansi osatchula ndale ngakhale kamodzi.

Mawondo atayamba kukana, anafuna kusiyira mpando mphwawo Malcolm, loya wa ku Markham. Kutatsala masabata atatu kuti chipani chisankhe woimira, amuna a Mai Eunice anamwalira ku Hamilton. Mayiwa, wosamalira okalamba, ndiwo ankalembetsa anzawo m'chipani khomo ndi khomo.

"Tiye tikakhuze, mphwanga," anatero a Jailosi.

"Malume, ndili ndi intavyu pa wailesi. Ndaoda kale maluwa, ndipo si otchipa ayi."

"Wailesi idzakhalapo mawa. Malirowa ndi a lero."

Malcolm anaseka n'kunyamula makiyi a galimoto. A Jailosi anakwera sitima okha ndi ndodo yawo. Kusiwako anapeza Angela, namwino amenenso ankafuna mpandowo, atamanga chitenje akutsuka mbale kuyambira m'mawa.

Tsiku losankha, holo inadzaza. Aliyense ankayamba wagwira a Jailosi chanza ndi manja awiri, kenako n'kukavotera Angela. Malcolm anagwa chagada, ndipo anathamangira kwa Mai Eunice maso ali psuu.

"Mayi, maluwa anga simunawalandire?"

"Tinawalandira, bambo, okongola zedi. Koma maluwawo sanatipepese."

Mtima unawawawa a Jailosi, poti magazi ndi magazi. Akanangolankhula liwu limodzi anthu asanavote, holo yonse ikanatembenukira kwa Malcolm, koma sanatero. Anadzuka movutikira, nakakweza dzanja la Angela anthu onse akuona.

Panja Malcolm anawadandaulira. "Anthu anu andikana, malume."

"Sanali anthu anga, mphwanga. Ndinkangokhala nawo pansi tsiku limene analibe mphamvu zoimirira. Iwe unafuna mavoti awo, misozi yawo ayi. Pajatu akuluakulu anati maliro n'kulirana."